Mfuti Yomaliza Imene Vern Kessell Anadula

Ku Hillston, ukatchula dzina la Vern Kessell kwa anthu amene anamudziwa, amayamba apukusa mutu, kenako nkuti, "Koma manja anali nawo." Zabwino zonena za iye zimathera pomwepo. Zotsalazo ndi za pakamwa pake, ndipo pamenepo aliyense ali ndi bala lake. Wina anatchedwa chitsiru pamaso pa mkazi wake, wina anathamangitsidwa chifukwa chofunsa ngati ntchito yatha, wina anangopereka moni pa tsiku lolakwika.

Vern anabadwira pa famu ya nkhosa kumadzulo kwa mtsinje wa Lachlan, kumene bambo ake ankasula zitsulo ndi kukhomera akavalo nsapato. Sukulu anaisiya atangodziwa kuwerenga manambala a pa sipanala. Pamene ankamera ndevu, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itatha, ndipo boma linali kutaya mfuti za asilikali pa mtengo wa bulangete. M'masitolo a zitsulo ankaziimika m'migolo ngati mipini, munthu nkumasankha yekha. Zinali mfuti za 303, zolemera ngati nsichi, mtengo wake wogwirira wofika mpaka kumphuno kwa mpope, kutsogolo kuli chisoti chachitsulo chokolekapo mpeni. Msilikali zinkamuyenera. Koma munthu woyenda tsiku lonse m'tchire kusaka nkhandwe zodya ana a nkhosa, kapena wowombera kangaru kuti agulitse zikopa, ankabwerako phewa litatupa. Komanso lamulo la masiku amenewo silinkafuna kuti munthu wamba azisunga mfuti yodya zipolopolo za asilikali.

Apa ndi pamene Vern anapezera ntchito. Ankatenga mfuti ya usilikali, nkuivula chisoti chija, nkudula mtengo pakati, nkuusema mpaka usalale ngati khosi la botolo. Mpope ankausintha, kuikapo wa bowo laling'ono, kapena kungoufupikitsa. Ena ankawaboolera pomangira galasi loonera patali. Akamaliza ankatembenuza mfutiyo nkumenya chidindo chake kunsi kwa mpope: kansapato ka kavalo, m'kati mwake muli K.

Anthu ankachokera ku Ivanhoe, ku Cobar, ngakhale ku Hay, nkumapirira chipongwe chake, chifukwa mfuti yotuluka m'shedi ya Vern, kanyumba kake kogwiriramo ntchito, inkalasa pamene wailoza. Wozimitsa moto anali mkazi wake, Thelma. Vern akatukwana munthu kushedi, Thelma ankamudikirira munthuyo pageti ndi kapu ya tiyi, nkumuuza kuti, "Musazitengere kumtima. Ameneyu amauwa ngakhale a m'nyumba mwake." Mwana anali naye mmodzi, Raelene, amene anakula akudziwa kuwerenga msana wa bambo ake. Ukauma, m'shedi musalowe munthu.

Zaka zitapita, m'masitolo munadzaza mfuti zatsopano zosakira, zopepuka kale, ndipo ofuna kuduliridwa zakale anayamba kuchepa mpaka anatheratu. Vern anatembenukira ku makina ometera nkhosa ndi mapampu a madzi oyendera mphepo. Ntchito imeneyi ankaigwira bwino koma ankainyoza, ndipo mtima wake unawawirawawira ngati tiyi woiwalika pamoto.

Raelene anakwatiwa atakula ndithu, ndi Gavin Tulloch wa ku Griffith, munthu wogulitsa ndi kukonza mapampu m'minda ya malalanje. Anali chimunthu chachikulu, choyankhula pang'onopang'ono, koma chouma khosi ngati chitsa. Tsiku loyamba kudzadya kwa apongozi ake, Thelma anawotcha mwendo wa nkhosa ndi maungu ndi mbatata. Vern anayamba ali mkati modula nyama.

"Ndamva kuti uli ndi mfuti zodzaza chipinda."

"Zilipo ndithu," anatero Gavin. "Za asilikali zokhazokha, monga momwe zinatulukira ku fakitale."

"Unaphapo chiyani nazo?"

"Sindiwombera. Ndimasunga."

"Umasunga." Vern anayang'ana mwana wake. "Raelene, wapeza mwamuna woweta ng'ombe zamatabwa. Udzatiitane tsiku lokama."

Anyamata ena onse amene Raelene anabwerapo nawo ankaseka mwamanyazi zikafika apa, nkuweramira m'mbale. Gavin anatafuna, anameza, nkupukuta pakamwa.

"Bola ine sindizidula miyendo, a Vern."

Thelma anafunsa ngati pali wofuna maungu ena. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanamweranenso madzi. Vern sankamutchula mkamwini wakeyo dzina, ankangoti "wa mapampu uja". Gavin naye akamanena za apongozi ake ankati "a Sowo".

Thelma atamwalira, pageti panasowa woimapo, ndipo anthu anasiya ngakhale kudutsa mumsewu umenewo. Raelene anaumiriza mwamuna wake kuti akathandize kusuntha kabati yachitsulo yosungiramo mfuti, kuichotsa kushedi kuilowetsa m'nyumba. Potulutsa za m'katimo, Gavin anapeza chinthu chachitali chokulungidwa m'pepala lamafuta. Atafunyulula anangoti kakasi. Inali 303 yathunthu, mtengo mpaka kumphuno, chisoti chili pomwepo, girizi wa ku fakitale atauma m'makona onse. Pa mkombero wachitsulo wolumikizira thako la mfuti panalembedwa dzina la fakitale ndi chaka: Lithgow, 1942. Nambala ya pa mpiringidzo, kachitsulo kokokera chipolopolo kaja, inali yomweyo ya pa thupi, yomweyonso ya pa chisoti. Atasuzumira mumpope anaona kuti mwina simunadutsepo chipolopolo chichokere ku fakitale.

"Imeneyi munaitenga kuti?"

"Inatsala m'bokosi lomaliza. Ika pansi, ukuipaka thukuta."

Vern sanaisunge chifukwa choikonda. Ntchito inatha iyo isanafikiridwe, basi. Koma anaona mmene maso a Gavin anakakamirira pa mfutiyo poikulunganso, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Thelma anamva kakomedwe mumtima. Gavin anapempha kuti aigule. Vern anakana. Anapemphanso kudzera mwa Raelene, Vern nkutemetsa nkhwangwa pamwala. Chaka chilichonse pa Khirisimasi, anthu atakhuta, nkhalambayo inkatulutsa mfuti ija nkuigoneka pathebulo pakati pa mbale, nkunena kuti, "Kuona n'kwaulere. Kugwira ayi." Gavin ankakhala manja ali pamaondo ngati mwana wa sukulu, makutu atafiira.

Zinthu zinafika poipa pa chionetsero cha zaulimi cha chaka china, Vern ali pafupi kukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. A gulu lozimitsa moto wa m'tchire anapempha Gavin kuti akhale ndi thebulo m'holo, anthu azibweretsa mfuti zakale za makolo awo, iye aziwauza mtundu wake ndi mtengo wake. Vern anati sapitako. Koma dzuwa litakwera anavala chipewa chake, nkupezeka waima kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi thebulo la makeke, ngati wangosochera.

Kutsogolo kunali Maureen Quilty, mayi woyendetsa basi ya ana a sukulu, atabweretsa mfuti ya malemu bambo ake, Snowy Quilty, amene moyo wake wonse ankawombera kangaru. Gavin anasolola mpiringidzo, analozetsa mpope kuwindo nkusuzumiramo. Kenako anapukuta mkombero uja ndi chala, nayandikitsa maso.

"Mayi, mukudziwa chimene mwanyamulachi?"

"Mfuti ya bambo. Inkakhala kuseri kwa mpando wa galimoto."

"Taonani apa. Lithgow, 1915. Fakitale inali idakali yatsopano. Za chaka chimenechi zatsala zowerengeka. Nambala ya pa mpiringidzo ikugwirizana ndi ya pa thupi, ndiye kuti sizinasiyanepo chibadwire. Apa pathako, pamene pali chigamba chozungulirapa, panali kambale kamkuwa kolembapo gulu la asilikali. Kuti inapita ku nkhondo yoyamba sindingalumbire, koma sindingadabwe."

Anthu anayandikira. Maureen anagwira pachifuwa.

"Ndiye ingagulidwe bwanji?"

"Ikanakhala yathunthu, madola zikwi ziwiri bwenzi tikungoyambirapo, ndipo anthu akanalimbirana. Mmene ililimu, mukapeza wokupatsani mazana awiri mumuthokoze. Mtengo anadula, chisoti anataya, mpope si wake, kambale kaja anazula, ndipo apa anaboola mabowo pa thupi penipeni. Mtengo ndi chisoti munthu angathe kusaka zina. Mabowo sabwerera."

"Ndiye kuti bambo anaiwononga?"

"Bambo anu ayi. Amene anagwira sowo."

Gavin anatembenuza mfuti ija, ndipo kunsi kwa mpope kunali kansapato ka kavalo. Anadzutsa mutu, maso ake nkukumana ndi a Vern kuseri kwa mapewa a anthu. Akanatha kulekera pomwepo. Koma ma Khirisimasi onse aja anali atamukhala pakhosi.

"Anthu amenewa ankadula chilichonse chowagwera m'manja," anatero mokweza pang'ono. "Mukanawapatsa ndodo ya bishopu, akanaifupikitsa nkuiboola mabowo."

Anthu anapatuka okha, Vern nkudutsa pakati. Anafika pathebulo, anatenga mfuti ija m'manja mwa Gavin osapempha, naikweza paphewa. Inakhala ngati yabwerera kwawo.

"Imeneyi ndinamudulira Snowy chaka cha chilala, nkhosa zikufa m'madamu ouma. Analera nayo ana ake onse, kuphatikizapo uyu waima apayu. Nsapato zimene ankavala popita kusukulu zinatuluka mumpope umenewu. Zako zija za m'chipinda zinadyetsapo ndani?"

"Akanalera ana ndi ina iliyonse ya m'migolo ija," anayankha Gavin. "Zinalipo zambirimbiri. Inu munaona chaka ndi maso anu, nkutengabe sowo."

"Ine ndinkayang'ana ngati chitsulo chili chamoyo. Tsiku lobadwa ndinkasiyira azamba."

"Ndiye kusiyana kwa mmisiri ndi wa kubutchala kuli pomwepo, a Vern."

Wina kumbuyo anaseka. Sikunali kuseka kwakukulu, kanali kamphuno chabe, koma ena awiri atatu anatsatira, anthu amene Vern anawatukwanapo zaka zapitazo nkusowa pobwezera. Mawu a Gavin akanawapirira, pakuti iye mwini ananenapo oposa amenewo. Chimene chinamulowa m'mafupa ndi kuseka kuja, m'holo ya kwawo, iye atanyamula ntchito ya manja ake. Anaika mfuti pathebulo natuluka.

Raelene anamupeza panja akulimbana ndi chitseko cha pikapu.

"Bambo, dikirani. Gavin sanafune kunena choncho."

"Anafuna. Ndipo iwe usandigwire mkono, sindine wodwala. Bwerera kwa mlonda wa manda wakoyo."

M'mawa mwake Maureen Quilty anaimitsa basi yake pageti, nalowa ndi mfuti ija m'chikwama. Anati wabwera kudzanena kuti saigulitsa, ndipo kuti bambo ake ankaitama mpaka tsiku lomwalira. Vern anaitulutsa, anasuzumira mumpope, nkumubwezera.

"Muli dzimbiri ngati mpope wa kuchimbudzi. Snowy akanakukwapula. Ukufuna ndikuthokoze chifukwa chondimvera chisoni? Chotsa chibasi chakocho, chanditsekera njira."

Maureen anapita akutukwana chamumtima, ndipo sanabwerenso.

Masiku otsatira Vern sanaoneke kusitolo kapena kubala. Kenako m'mawa wina, dzuwa lisanatenthe malata, anatsekula kabati, anatulutsa chokulunga chija napita nacho kushedi. Anachotsa girizi ndi palafini mpaka mtengo unaonetsa maanga ake. Inali yokongola, zimenezo anavomereza. Anaipana pa chopanira, anamasula chisoti nkuchiika pambali, anajambula mzere ndi pensulo, natenga sowo.

Kale ntchito imeneyi ankaigwira akukangana ndi munthu, osayang'anako n'komwe. Tsopano mzere uja unkaoneka iwiri. Dzanja lamanja linkagwedezeka lokha ngati lili ndi nkhani yakeyake. Sowo inalowa bwino, koma pakati inapatuka, ndipo mtengo wouma wa zaka zambiri uja unang'aluka kutsata mtima wake. Anati akonze ndi tupa, nkudya mbali imodzi mopitirira. Anadya inayo kuti zifanane, mtengo nkuwonda ngati mwendo wa dokowe. Pofupikitsa mpope anatuluka thukuta mpaka malaya kumamatira, ndipo atayang'ana kumphuno anaona kuti padulidwa mopendama. Mabowo a galasi anaboola atatu m'malo mwa awiri, chifukwa loyamba linaterereka.

Zinamutengera pafupifupi sabata. Tsiku lomaliza anatembenuza mfuti, anaika chidindo, namenya. Hamala inagwera pambali, chidindo chinadumpha, ndipo anachita kumenyanso kachiwiri, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Pachitsulo panatsala tinsapato tiwiri tokwerana, K wosaoneka bwino.

Anakhala pa mgolo nthawi yaitali akuiyang'ana. Panalibe womunamiza m'shedimo. Mnyamata wophunzira ntchito akanamubweretsera chinthu chotere, akanamuponyera nacho kunja. Anaganiza zokaitaya mumtsinje. Kenako anakumbukira kuseka kuja, nadzuka, nkutola chisoti ndi chidutswa cha mtengo chija, nkuzikulunga bwinobwino m'nyuzipepala.

Anaimbira Raelene kuti abwere Lamlungu kudzadya, abwere ndi mwamuna wake. Raelene anasangalala poganiza kuti bambo ake afewa. Gavin anabwera atavala malaya ositidwa, atanyamula mabotolo a mowa, ndipo pakhomo anayamba ndiye.

"A Vern, za kuholo zija, ndinapitirira muyeso."

"Khala pansi. Pali kamphatso kako pambale."

Gavin anafunyulula nyuzipepala. Chisoti chinagubudukira pathebulo nkuima pafupi ndi mchere. Anachitola, anawerenga nambala, nachiikanso pansi mwaulemu ngati chingasweke. Nkhope yake inayera, kenako inada.

"Unkaifuna kwambiri," anatero Vern akudzigawira mbatata. "Ndati ndikupatseko mbali imene umaikonda. Inayo ndatsala nayo, yogwira ntchito."

"Bambo," anatero Raelene motsitsa, "mwachita chiyani?"

"Ndadula chinthu changa, ndi sowo yanga, m'shedi yanga. Kapena pali lamulo latsopano?"

Gavin anaimirira pang'onopang'ono. Ulemu wonse umene anaugwira zaka zonsezi anausiya pampando pomwepo.

"Ndiwe nkhalamba yoipa mtima, Vern. Mkazi wako anatha ndi kupepesa anthu m'malo mwako. Tsopano palibe wotsala woti akupepesere."

"Tuluka m'nyumba mwa Thelma."

"Ndikutuluka. Raelene, ndili m'galimoto."

Raelene anatsala ataima pakati pa chitseko ndi thebulo. Anayang'ana bambo ake, amene ankatafuna ngati palibe chachitika. Anatola chikwama chake natuluka osatsanzika. Vern anadya yekha nyama yophikira anthu atatu mpaka inamukola, yotsalayo nkupatsa galu wa oyandikana nawo, amene ankadana nayenso.

Chaka chimenecho pa Khirisimasi panalibe anabwera. Raelene ankaimba foni Lachitatu lililonse, nkumafunsa za mankhwala ndi za chakudya, mawu ake ali ngati a namwino. Dzina la Gavin silinkatchulidwa.

Nyengo yozizira itafika, Vern anaterereka pa sitepe ya kushedi nathyoka fupa la m'chiuno. Womupeza anali munthu wobweretsa gasi, amene anatukwanidwa njira yonse mpaka ambulansi itafika. Kuchipatala adokotala ananena mosapsatira kuti kukhala yekha kwatha, ndipo ndi maso ake ofookawo chiphaso cha mfuti sangachisungenso. Wapolisi wa m'tauniyo anafotokoza kuti mfutizo ziyenera kupita kwa munthu wa chiphaso, apo ayi zikaphwanyidwe.

"Kaphwanyeni," anatero Vern.

"Ayi," anatero Raelene. "Mwaphwanya zokwanira. Gavin adzazitenga."

Anamubweretsa kunyumba tsiku limodzi lokha, pa njinga ya odwala, kuti asankhe zopita nazo kunyumba yosungirako okalamba ku Griffith. Gavin anafika ndi pikapu yake, sanapereke moni, analunjika kukabati. Anatulutsa mfuti imodziimodzi, kusolola mipiringidzo, kuzilowetsa m'zikwama. Yomaliza inali ija. Anafuna kuilowetsa osaiyang'ana, koma Vern anagogoda pansi ndi ndodo.

"Iwe, katswiri. Paja umatchula mitengo ya mfuti za anthu. Tatchula wa imeneyo."

"Zisiyeni, a Vern."

"Ukuopa? Tchula. Raelene, tamuuza mwamuna wako agwire ntchito yake."

Gavin anapumira m'mwamba. Anapita nayo pawindo, naiyang'ana monga ankayang'anira ina iliyonse. Anayendetsa chala pa mng'alu wa mtengo. Anayang'ana kumphuno, anawerenga mabowo, anaitembenuza nkuona tinsapato tiwiri tija. Vern ankayembekezera ukali, ndipo anali atakonzeka kale ndi mayankho. Koma Gavin anayankhula ndi mawu ake a masiku onse, a pang'onopang'ono aja.

"Lithgow, 1942. Thupi ndi mpiringidzo n'zake. Mpope wadulidwa mopendama, ndiye chipolopolo chizipita kumene chafuna. Mtengo wang'aluka, sungapirire kuwombera. Bowo limodzi lili pamalo olakwika. Mpiringidzo ndi kabokosi ka zipolopolo munthu angagule ngati zosinthira. Yotsalayo ndi chitsulo cha pa sikelo."

"Butchala, eti? Nena."

"Ayi. Ya Maureen ija ndinaiyang'ananso bwino anthu atabalalika. Siinayenere kudulidwa, ndipo mawu amenewo sindibweza. Koma amene anaidula ankadziwa ntchito. Mtengo unakhala pachitsulo ngati unamerapo, ndipo mabowo anali pamzere ngati aboola ndi makina. Ndinazionapo zambiri zodulidwa, yoposa ija sindinaione." Anaika mfuti ija m'chikwama natseka zipi. "Iyi munthu atandibweretsera, ndingamuuze kuti wina anaba chidindo cha Kessell."

Vern anayang'ana manja ake ali pa bulangete, akugwedezeka okha. Chitonzo akanachibweza, koma ichi sichinali chitonzo, ndipo anadziwa kuti Gavin akudziwa zimenezo.

"Raelene," anatero Vern, "munthu uyu asadzaponde kumene ndikupitako. Ukawauze a pachipata."

"Musavutike," anatero Gavin, natuluka ndi zikwama.

Kunyumba ya okalamba Vern anakhalako zaka ziwiri ndi miyezi. Anakangana ndi ophika pa nkhani ya supu, anakangana ndi wometa tsitsi, ndipo nkhalamba inzake imene ankagona nayo chipinda chimodzi inapempha kusamutsidwa sabata yoyamba. Raelene ankabwera Lamlungu lililonse masana. Iye sankakonda kuyendetsa galimoto, choncho ankamubweretsa ndi Gavin, amene ankaimika pikapu pabwalo nkukhala momwemo mpaka mkazi wake atatuluka. Pabwalopo panalibe mtengo ngakhale umodzi.

Vern anauza anamwino kuti Lamlungu azimukhazika pawindo loyang'ana kubwaloko. Raelene ankakhala pambali pake nkumamuuza za malalanje, za mvula, za amene wamwalira ku Hillston, iye maso ali panja. Miyezi yotentha, phula likamanyezimira, ankaona Gavin akutsitsa galasi, akudzipepesa ndi chipewa, akupukuta khosi ndi mpango.

"Kunja kukutentha bwanji lero?" ankafunsa namwino.

"Koopsa, a Kessell. Nkhuku ingapse ili moyo."

"Zabwino. Raelene, usafulumire. Tandiuzanso za mvula ija."

Anamwalira m'mwezi wa Febuluwale, Lolemba m'mawa, atakana phala. Anakamuika ku Hillston pafupi ndi Thelma. Anthu anabwera ochepa, ndipo amuna amphamvu zonyamula bokosi anaperewera, mpaka woyendetsa mwambo anachita kuyang'anayang'ana m'gulumo. Gavin anavula jekete napatsa Raelene, nakagwira kutsogolo kumanzere. Ali m'njira kupita kudzenje, bambo wina amene anagwira kumbuyo kwake anamunong'oneza kuti pomaliza ndiye kuti anakhululukirana.

"Ayi," anatero Gavin. "Kwezani mbali yanuyo, mukundilemetsa."